Filimu imodzi mayina awiri: kodi anandibera pamsika?

Funso

Akulu, ndine mnyamata wa ku Chilenje, ndimakonda mafilimu oopsa akalekale. Mwezi watha ndinagula zimbale ziwiri pamsika mu tauni, zija amalemba kuti muli mafilimu 20 m'chimbale chimodzi. Nditafika kunyumba ndinapeza kuti filimu ina ya anthu akufa odzuka m'manda pachilumba ilimo kawiri, dzina lokha ndilo lasintha. Chithunzi chake n'chakuda bii, milomo ikupita kwina mawu kwina, ndipo pakafika poopsa penipeni filimu imangodumpha. Msuweni wanga wa ku Manchester akuti iye amagula mafilimu omwewa pa Blu-ray, imodzi mtengo wake woposa thumba la ufa wa bulekifasiti. Kodi ine anandibera, kapena wopusitsidwa ndi msuweni wangayo? Komanso malemu amalume anasiya katoni ya matepi a VHS. Ndiwataye?

Yankho

Mphwanga, matepiwo musataye. Ndayamba ndi mawu amenewa kuopa kuti mungatope nane musanafike kumapeto. Za kuberedwazo, wogulitsa uja anakupatsani zomwe iyenso anapatsidwa. Chinyengo mwaonacho n'chachikulu msinkhu kuposa iye, chinabadwira limodzi ndi mafilimu amenewa. Msuweni wanunso sanapuse. Kungoti inu ndi iye simunagule chinthu chimodzi, ngakhale nkhani ya m'katimo ndi yomweyo.

Ine mafilimu amenewa ndinawadziwira ku Chawama m'zaka za m'ma 1990, kumene ndinkaonetsa vidiyo m'kachipinda ka mabenchi, TV imodzi, deki imodzi ndi nsalu yakuda pakhomo. Masana ana ankafuna karate, kukada akuluakulu ankafuna zoopsa. Pambuyo pake ndinakhala zaka zambiri ndikukonza madeki ndi kusamutsa matepi kuwaika pazimbale, choncho zokhala kuseri kwa chikuto ndaziona ndi maso angawa.

Azungu amawatcha mafilimu a exploitation. Mawuwa ukawamva umaganiza za kudyera munthu masuku pamutu, ndipo ochita sewero ambiri anadyeredwadi, koma kwa amalonda a kanema ankatanthauza kupeza kanthu kamodzi kokopa anthu n'kukakuwira mokweza mpaka holo idzaze. Kampani yaikulu ya ku Hollywood imakopa ndi nkhope zotchuka. Wosauka alibe nkhope yotchuka, alibe nyumba zikuluzikulu zoti aphulitse. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Nyimbo yake iyeyo inali magazi, maliseche, wamisala wonyamula mpeni, ndi dzina loti ukaliwerenga pakhoma thupi lichite tsembwe. Ku kampani ya American International Pictures, m'zaka za m'ma 1950, Samuel Arkoff ndi James Nicholson kawirikawiri ankayamba ndi dzina ndi chithunzi chotsatsira malonda, nkhani yeniyeniyo n'kulembedwa pambuyo. Roger Corman, amene anamwalira mu 2024, anajambula mbali yaikulu ya The Little Shop of Horrors ya 1960 m'masiku awiri okha, m'zipinda zotsala ku filimu ina zisanaphwasulidwe. Mu 1963 Herschell Gordon Lewis anatulutsa Blood Feast, yojambulidwa ku Miami ndi madola pafupifupi 24,500, ndipo lilime limene chigawenga chimazula m'kamwa mwa mkazi linali la nkhosa. Filimuyo ndi yoipa, sewero lake ngati la ana a pulayimale, koma inabweza ndalama zochuluka zedi chifukwa anthu anali asanazolowere kuona magazi ofiira chotero pakanema.

Kwawo kwa mafilimuwa sikunali maholo aulemu. Ankaonetsedwa m'mabwalo oonera kanema uli m'galimoto, ndi m'maholo okutha a mu 42nd Street ku New York, otchedwa grindhouse, kumene mafilimu awiri kapena atatu ankatsatizana usana ndi usiku. Mpukutu wa filimu unkayenda tauni ndi tauni mpaka kukalikakalika. Ukaduka, woonetsa ankangolumikiza, kachidutswa n'kutayika. Ena ankadulanso dala malo amene awanyansa, monga zinkachitikira The Last House on the Left ya Wes Craven ya 1972. Kudumpha kwina mukuonako kunayambira kumeneko, vidiyo isanabwere n'komwe.

Sindikunamizani, ambiri mwa mafilimuwa ndi otopetsa. Umakhala ola lathunthu kuonera anthu akuyenda m'tchire kudikira mphindi zitatu za magazi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma umphawi womwewo unabalanso mafilimu ochepa amene mpaka lero sanakalambe. Night of the Living Dead ya George Romero, ya 1968, inajambulidwa kufupi ndi Pittsburgh ndi madola pafupifupi 114,000, yopanda mitundu, ndipo mtsogoleri wa nkhani anali munthu wakuda, Duane Jones, chinthu chosowa nthawi imeneyo. The Texas Chain Saw Massacre ya Tobe Hooper, ya 1974, inajambulidwa pa filimu yaing'ono ya 16mm m'chilimwe chootcha cha ku Texas. Anthu amalumbira kuti ndi yodzaza magazi, koma mukaionera modekha magazi ndi ochepa kwambiri. Chimene chimakugwira pakhosi ndi phokoso, thukuta ndi kukuwa kosatha. The Evil Dead ya Sam Raimi, ya 1981, anyamata anaijambulira m'kanyumba ka m'nkhalango ku Tennessee, kamera ataimangirira pathabwa anthu awiri n'kumathamanga nayo kuti zioneke ngati chiwanda chikuuluka pansipansi.

Ndisanaiwale, akufa a m'mafilimuwa si ndondocha zija agogo ankatisimbira kum'mawa, zodulidwa lilime n'kumagwirira ntchito mfiti usiku. Zofanana ndi ndondocha zili m'mafilimu akale monga White Zombie ya 1932, otengera zikhulupiriro za ku Haiti. Akufa odya anthu amoyo anatchuka ndi Romero.

Tsopano za dzina. Mwatchula chilumba, choncho ndikuganiza kuti filimu yanuyo ndi ya Lucio Fulci wa ku Italy, ya 1979. Ngati muli malo amene wakufa akulimbana ndi shaki pansi pa nyanja, ndi yomweyo. Nkhani yake ili motere. Dawn of the Dead ya Romero itafika ku Italy mu 1978 anaitcha Zombi, ndipo inagulitsa kwambiri. Amalonda a kumeneko sanachedwe: filimu ya Fulci, yosakhudzana ndi ya Romero, anaitcha Zombi 2 kuti anthu aziyesa gawo lachiwiri. Ku America inatuluka ndi dzina loti Zombie, ku Britain Zombie Flesh Eaters, ku Germany Woodoo. Amene anasonkhanitsa chimbale chanu anatola kope la ku America ndi la ku Britain, osaonera n'komwe, n'kuwerenga mafilimu awiri. Ataliyana anachitanso zomwezo ndi The Evil Dead: anaitcha La Casa, kenako mafilimu ena achilendo anapatsidwa mayina oti La Casa 3, La Casa 4, ngati ana a mnzako amene wangowalemba dzina lako. Sindingawaloze chala kwambiri. Inenso pabolodi langa la choko ku Chawama, filimu ikakhala kuti yadzaza chipinda Loweruka, ina iliyonse yofanana nayo Lamlungu ndinkailemba kuti ndi gawo lachiwiri.

Milomo kusiyana ndi mawu si vuto la chimbale. Ku Italy nthawi imeneyo mafilimu otere ankajambulidwa opanda kutenga mawu pamalopo. Ochita sewero anali osakanikirana, wina Mngelezi, wina Mtaliyana, wina wa ku America, aliyense kuyankhula chake, ndipo mawu onse ankaikidwa pambuyo mu situdiyo. Ngakhale msuweni wanu pa Blu-ray yake yodulayo milomo ikusemphana chimodzimodzi.

Kudumpha pamalo oopsa ndiye nkhani ya boma la Britain. Sony inatulutsa matepi a vidiyo a Betamax mu 1975, JVC n'kutulutsa VHS mu 1976, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 madeki anali atadzaza m'nyumba za ku Britain. Makampani akuluakulu ankazengereza kuika mafilimu awo patepi, choncho mashelefu a mashopu obwereketsa anadzazidwa ndi timakampani ting'onoting'ono timene tinagula mafilimu otchipawa. Panalibenso lamulo loti tepi iyambe yaunikidwa ndi bungwe la BBFC, limene linkaunika mafilimu a m'maholo. Mpikisano unali pachikuto. Mu 1982 kampani ya Vipco inatsatsa The Driller Killer ndi chithunzi cha munthu akubooledwa pamphumi ndi chiboolero cha magetsi. Manyuzipepala anakuwa, mayi Mary Whitehouse ndi gulu lawo lomenyera makhalidwe abwino anakuwa, apolisi anayamba kulanda matepi m'mashopu. Ofesi ya mkulu wozenga milandu inatulutsa mndandanda umene unafika mafilimu 72, ndipo 39 mwa iwo makhoti anawapeza olakwira lamulo la zolaula. Anawatcha video nasties. Mu 1984 kunabwera lamulo la Video Recordings Act, loti tepi iliyonse iziunikidwa isanagulitsidwe. Zombie Flesh Eaters inali m'gulu la 39 lija. Itabwereranso m'mashopu inali yodulidwa, makamaka pamene diso la mkazi likukokeredwa kukamtengo kosongoka, ndipo yathunthu inaloledwa mu 2005. The Texas Chain Saw Massacre nayo BBFC inailola mu 1999, patapita zaka 25 chitulukireni.

Zimenezi zikutikhudza ife a ku Lusaka chifukwa TV zathu ndi za PAL, ngati za ku Britain ndi South Africa, pamene za ku America ndi NTSC, njira ziwiri zosiyana zoonetsera chithunzi pa TV. Matepi ambiri amene ankafika m'manja mwanga anali ochokera kumayiko awiri oyambawo, ndipo ku South Africa nakonso lumo la boma linali lakuthwa nthawi ya tsankho. Tinkaonera zotsala za lumo la eni ake osadziwa. Koma chenjerani ndi kuwerenga mphindi. Filimu imajambulidwa pa zithunzi 24 pasekondi, PAL imaonetsa 25, choncho filimu ya mphindi 90 patepi kapena DVD ya PAL imatha pamphindi 86 ndi kanthu popanda kudulidwa paliponse. Mawu amakweranso pang'ono. Anyamata ambiri amakangana kuti kope lawo ndi lodulidwa pomwe langothamanga.

Mdima uja uli ndi makolo ambiri. Woyamba ndi umphawi wa ojambula, amene analibe magetsi okwanira ndipo mdima unkawabisira zidole zawo za pulasitiki. Wachiwiri ndi mpukutu wotopa umene kampani ya vidiyo inatengako chithunzi. Wachitatu ndi ife. Tinkalumikiza madeki awiri n'kukopera tepi kuchokera patepi inzake, iyonso yokopera, ndipo pa VHS kukopera kulikonse kumadya chithunzi: mitundu imasefukira, nkhope zimasungunuka, usiku umasanduka phala. Wotsiriza ndi chimbale chanucho. DVD wamba imanyamula 4.7 GB, ya magawo awiri 8.5 GB, ndipo inapangidwira filimu imodzi. Mukathiramo 20, iliyonse imapeza malo osafika theka la GB imodzi. Kompyuta pofinya chithunzi imayamba kutaya za mumdima, poyesa kuti diso silizifuna, ndiye filimu yoopsa moyo wake wonse uli mumdimamo. N'chifukwa chake mumaona timabokosi takuda tikuvina pamene payenera kuoneka dzanja likutuluka m'nthaka.

Palinso kudula kwa m'mbali, kumene anthu ambiri sakudziwa. Mafilimu ngati Halloween ya John Carpenter ya 1978 ndi ya Fulci ija anajambulidwa otambalala kwambiri. Kuti adzaze TV zakale zija zamimba, a vidiyo ankadula mbali zonse ziwiri, pafupifupi theka la chithunzi n'kupita. Mu Halloween chigawenga chimakonda kuima phee m'mphepete mwa chithunzi. Patepi yodula m'mbali, nthawi zina umangomva nyimbo yoopsa osaona choopsacho.

Mudzaonanso kuti Night of the Living Dead simasowa m'zimbale zoterezi. Poyamba inkatchedwa Night of the Flesh Eaters. Kampani yoigulitsa posintha dzina inaiwala kubwezeretsa chizindikiro cha umwini, ndipo malamulo a ku America a nthawiyo ankati filimu yotuluka popanda chizindikirocho ilibe mwini. Aliyense wokhala ndi makina anaikopa n'kugulitsa, Romero ndi anzake n'kutsala akuyang'ana. Makope ake oipa ndi osawerengeka. Labwino linakonzedwa ndi Museum of Modern Art ya ku New York, ndipo kampani ya Criterion inalitulutsa mu 2018.

Apa m'pamene pali ndalama za msuweni wanu. Kuli makampani amene ntchito yawo ndi kusaka negetivu yoyambirira, ija inali m'kamera tsiku lojambula, m'nyumba zosungiramo katundu ndi m'malabu otsekedwa. Akaipeza amaitsuka, amajambula kachithunzi kalikonse pamakina a 2K kapena 4K, amakonza mitundu, amabwezeretsa malo odulidwa, kenako amafunsa mafunso ochita sewero amene akali moyo. Ku Britain kuli Arrow Video, 88 Films ndi Second Sight. Ku America kuli Blue Underground, Severin, Synapse, Grindhouse Releasing ndi Vinegar Syndrome. Dzina lotsirizali ndi la matenda a filimu: mpukutu wakale ukakhala potentha ndi ponyowa umayamba kuwola n'kumanunkha viniga, ndipo ukayamba subwerera. Mafilimu a makampani akuluakulu amasungidwa m'zipinda zozizira. Otchipawa eni ake anagwa kalekale, ndiye amayamba kuwola ndi iwo. Ogula ndi ochepa, ntchito ndi yambiri, makope amapangidwa owerengeka, mtengo n'kukwera. Zikufanana ndi zomwe zinachitikira marekodi a Zamrock, nyimbo za rock za muno mu Zambia. Ife tinawataya kuti ndi zachikale, kenako kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsanso nyimbo za gulu la WITCH m'bokosi lokongola, ana athu n'kumazimvera kuchokera kunja.

Musayembekezere kuti Blu-ray ipangitsa filimu ya 16mm kusalala ngati ya chaka chino. Timchenga timene timaoneka pachithunzi ndi thupi la filimuyo, ndipo kampani yabwino imatisiya. Imene imatipukuta ndi kompyuta imasiya nkhope zooneka ngati zopaka sera. Kuwala kumaululanso zina: ulusi wokoka chidole, malire a mphira pakhosi la wosewera, magazi ooneka kuti ndi manyuchi osakaniza ndi utoto. Pali mafilimu ena amene ankandiopsa patepi yakuda ku Chawama, nditawaona oyera ndinangoseka.

Mukafuna kuti msuweni akutumizireni, yang'anani za zigawo, chifukwa zimbale zambiri zimapangidwa kuti zizisewera pamakina a chigawo chawo chokha cha dziko lapansi. Pa DVD, America ndi chigawo 1, Britain ndi South Africa chigawo 2, Zambia chigawo 5, ngakhale timakina totchipa timene timagulitsidwa ku Kamwala kawirikawiri timawerenga zonse. Pa Blu-ray mwayi ndi wathu: Africa yonse ili m'chigawo B pamodzi ndi Ulaya, choncho za ku Manchester ziyenera kusewera pamakina a chigawo B, koma za ku America zolembedwa A zikhoza kukana. Ngati mumaonera pa PlayStation, dziwani kuti pa mafilimu imatsata chigawo cha dziko limene inagulitsidwa. Zimbale za 4K nthawi zambiri zilibe chigawo, koma zimafuna makina akeake. Langizo langa ndi loti musaitanitse mulu. Sankhani awiri kapena atatu amene mumawakondadi, muone pachikuto ngati alemba kuti ndi yosadulidwa ndiponso kuti chithunzi chachokera ku negetivu yoyambirira. Enawo chimbale cha pamsika chikukwanirani kulawa. Ngati TV yanu ndi yaing'ono, DVD yeniyeni ya filimu imodzi ikupatsani zambiri mwa zomwe Blu-ray ikanakupatsani, pamtengo wotsika.

Pali awiri amene sindilimbikitsa. Cannibal Holocaust ya Ruggero Deodato, ya 1980, yojambulidwa m'nkhalango ya Amazon ku Colombia, imfa za anthu ndi zopeka koma nyama, kuphatikizapo kamba wamkulu wa m'madzi, zinaphedwadi kamera ikujambula. Deodato anakaonekera kukhoti ku Italy chifukwa cha filimuyi, ndipo makope ena a masiku ano amakupatsa mwayi woonera malo a nyamawo atachotsedwa. Momwe imaonetsera anthu a m'nkhalango, ngati zilombo, ife Aafirika tikuidziwa bwino nyimbo imeneyo. Faces of Death ya 1978 inkagulitsidwa ngati imfa zenizeni zokhazokha. Zambiri zinali sewero, koma zina ndi zithunzi zenizeni za ngozi ndi mitembo ya anthu amene abale awo sanafunsidwe. Kumbukiraninso kuti ndime 177 ya Penal Code yathu imaletsa kusunga kapena kugulitsa zithunzi ndi mafilimu olaula, ndipo ena mwa mafilimu a exploitation amalowerera kumeneko. Za ana sindichita kukuuzani. Ine ndinalola kamnyamata kena kukhala kumbuyo usiku wina chifukwa kanali ndi ndalama yolowera, m'mawa mwake amayi ake anandipeza ndikutsuka mabenchi, ndipo mawu amene anandiuza sindingawalembe pano.

Tibwerere ku katoni ya amalume. Kampani yotsiriza kupanga madeki, Funai ya ku Japan, inasiya mu 2016, choncho deki yoyenda bwino ndi chuma, musaiike tepi iliyonse mwachisawawa. Yang'anani kaye pakawindo ka tepi. Mukaona zoyera ngati ufa pamphepete mwa riboni, chimenecho ndi chuku, ndipo chikalowa m'deki chimadetsa mitu n'kupatsira matepi ena. Oterowo apatuleni, apite kwa wodziwa kutsuka. Otsalawo aimikeni chilili ngati mabuku, kutali ndi masipika chifukwa cha maginito, kutali ndi malata otentha a mu Okutobala, ndiponso pamwamba, osati pansi pa bedi. Ine katoni ziwiri zinandithera chaka china madzi a mvula atalowa m'nyumba usiku. Thyolaninso kapulasitiki kakang'ono ka kumsana kwa tepi kuti wina asajambulepo mpira mwangozi.

Pa za mtengo, musalote zambiri. Osonkhanitsa a ku Britain amalipira bwino matepi enieni otuluka lamulo la 1984 lisanagwire ntchito, amene amadziwika ndi kusowa chizindikiro cha BBFC, monga 18 uja wa m'bwalo lofiira. Koma amafuna chikuto chenicheni ndi chizindikiro cha kampani patepi, ndipo ambiri amene ankazungulira muno anali okopera, chikuto cha fotokope. Amene ine ndingayambe kuwapulumutsa ndi ena. Ngati muli mafilimu a ku Nigeria kapena ku Ghana a zaufiti ndi kukhwima, a m'nyengo ya Living in Bondage ya 1992, dziwani kuti amenewo anajambulidwa pavidiyo penipeni, alibe negetivu yoti wina adzaipeze m'labu, ndipo ambiri tepi ndiyo thupi lawo lokhalo. Chimodzimodzi masewero a magulu a muno amene ankagulitsidwa pamanja, ndi zimene amalume ankajambula pa ZNBC. Choncho potsegula katoniyo muyambe ndi matepi opanda chikuto, olembedwa ndi bolopeni pakapepala, muwaonere mpaka kumapeto ngakhale pakapepalapo palembedwa dzina la filimu ya karate. Anthu a nthawi imeneyo tepi imodzi ankaijambulapo kangapo, ndipo filimu ikatha pamatsala mphindi makumi awiri kapena atatu za chimene chinalipo kale. Pa tepi ina yotere, ya kasitomala wa ku Matero, filimu ya mizukwa itangotha panatulukira chinkhoswe cha makolo ake.